Mankhwala a chiwawu amene tikugula modula anachokera pansi pa masamba owola

Chithunzicho chinafika pa WhatsApp cha m'ma 5 koloko m'mawa, mvula ya February ili pakati. Anali masamba a tomato, akuda bii m'mbali ngati wina wawathira madzi owira. Pambuyo pake panabwera mawu ojambula a azakhali anga a ku Ntcheu.

"Mwanawe, chiwawu chalowa. Mizere itatu yapita kale. Ukachedwa, fizi ya msuweni wakoyu ipsera m'munda muno."

Amene munakulira kumene amalima tomato mukudziwa kuti tomato wa dzinja ndi juga. Akapulumuka, mtengo wake pa Lizulu kapena pa Tsangano umakhala wosangalatsa, chifukwa alimi ambiri amakhala atagonja. Koma kukangochita masiku angapo a mvula yamawawa ndi kachisanu, munda wonse umatha sabata isanathe.

Ndinatumiza ndalama pa foni. Masana azakhali anatumiza chithunzi china, cha kabotolo kamene anagula kusitolo ya zipangizo za ulimi, n'kufunsa kuti athire tizivindikiro tingati mu sipuleya. Mtengo wa kabotoloko unali wokwanira kugula ndiwo za sabata yathunthu. Pofuna kuwayankha molondola, ndinalemba pa intaneti dzina limene linali pa lebulo: azoxystrobin.

Ndinkayembekezera kuona fakitale ya machumuni. M'malo mwake panatuluka chithunzi cha kabowa kakang'ono, kofiirira, kamwendo kowonda ngati ndodo ya machesi, katamera pa chipatso chowola cha mtengo wa paini.

Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Osati mtundu wake weniweniwo ayi, koma maonekedwewo. Tili ana, popita kukazula bowa ndi agogo, tinkathamangira tibowa totere n'kumafuula kuti tapeza. Agogo ankangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Chirombo icho, taya." Kwa iwo bowa anali utale, ndelema, manyame ndi nyonzwe. Zina zonse zomera pa masamba ndi pa zikuni zowola zinali zirombo basi. Ngakhale Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, anaona zomwezi: mawu oti bowa timasungira odyedwa okha, otsalawo timawaika gulu limodzi ndi zinthu zopanda ntchito.

Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndalama yanga yapita kukagula nzeru za chirombo.

Nkhondo ya pansi pa masamba

Ine sayansi ndinasiyana nayo ku Fomu 4, ndiye ndifotokoza mmene ndinaimvera nditawerenga kwa milungu ingapo.

Bowa, nkhungu ya pa nsima yogona, chuku cha pa mtedza ndi yisiti wa mandasi ndi banja limodzi. Asayansi amati fangayi. Bowa amene timazula uja ndi chipatso chabe. Thupi lenileni ndi ulusi woyera umene mumauona mukatembenuza masamba onyowa m'nkhalango, utayala ngati ukonde wa kangaude.

Ulusi umenewu ulibe miyendo, ulibe mano. Ukapeza tsamba lakugwa, umatulutsa timadzi tosungunula tsambalo n'kumayamwa chakudya. Vuto n'lakuti tsamba lomwelo likufunidwanso ndi mitundu ina yambirimbiri ya nkhungu ndi mabakiteriya. Kuthawa sungathawe, kuluma sungalume. Chida chokhacho chimene uli nacho ndi mankhwala. Umatulutsa poizoni woti mnzake akayandikira aleke kukula, kapena afe kumene.

Ndiye pansi pa mtengo uliwonse pamene masamba akuwola pali nkhondo ya mankhwala imene yakhala ikumenyedwa anthu tisanabwere. Mfundo imene inandigwira mtima ndi iyi: matenda ambiri a mbewu zathu nawonso ndi nkhungu. Dzimbiri la soya, madontho a pa masamba a mtedza ndi chimanga, kuwola kwa mizu, kufa kwa mbande pa nazale, zambiri mwa izi ndi abale a m'banja lomwelo. Chida chimene nkhungu ya m'nkhalango imaphera mnzake pa tsamba lowola chikhozanso kupha nkhungu imene ikudya tomato wa azakhali.

Nkhani ya matenda a mbewu si yocheza. Bungwe la FAO limati tizirombo ndi matenda zimawononga mpaka magawo 40 pa 100 aliwonse a zokolola za padziko chaka chilichonse. Chiwawu chimene chimapsereza kachewere ku Dedza ndi tomato ku Ntcheu nthawi ya mvula ndi chomwe chija chinalowa ku Ireland mu 1845, n'kubweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni.

Kabowa ka pa chipatso cha paini

Dzina la kabowa kaja ndi Strobilurus tenacellus. Kamamera m'nkhalango za paini za ku Ulaya, pa zipatso za paini zimene zagwa n'kukwiririka ndi zinyalala. Kachipewa kake n'kofanana kukula ndi batani la malaya.

Mu 1977, gulu la asayansi a ku Germany, m'menemo muli Timm Anke ndi Wolfgang Steglich, linalengeza kuti lapeza mankhwala m'kabowaka amene amaletsa nkhungu zina kukula. Anawatcha strobilurin. Zaka zingapo m'mbuyomo, m'ma 1960, wasayansi wa ku Czechoslovakia, Vladimír Musílek, anali atapeza mankhwala omwewo mu bowa wina womera pa mitengo yakufa, koma iye anawatcha mucidin.

Amagwira ntchito bwanji? Chamoyo chilichonse, kaya munthu kaya nkhungu, chimawotcha shuga m'kati mwa maselo ake kuti chipeze mphamvu. Strobilurin amakatseka njira imeneyi pamalo amodzi. Zili ngati foni imene batire ikutha koma polowetsa chaja pamatidwa phula. Kambewu ka nthenda kakatera pa tsamba la tomato, kamafuna mphamvu zambiri kuti kamere n'kuboola tsambalo. Kakapeza mankhwalawa ali kale pamenepo, kamazima kasanalowe. N'chifukwa chake mankhwala a mtundu uwu amathandiza kwambiri mukapopera nthenda isanakhazikike. Kabowa kenikeniko sikafa ndi poizoni wake, pakuti pamalo pamene mankhwalawo amatseka, iko kanapangidwa mosiyana.

Koma musaganize kuti anangofinya kabowako n'kuthira m'botolo. Kabowaka kamakhala mumthunzi, ndipo mankhwala ake akangoona dzuwa amawonongeka msanga. Mu labotale ankagwira ntchito, koma pa mbewu yoombedwa ndi dzuwa ankangozimirira. Makampani awiri, ICI ya ku Britain ndi BASF ya ku Germany, anayamba mpikisano wosintha kapangidwe ka mankhwalawo kuti azipirira dzuwa koma mphamvu isathe. A ICI anapanga n'kuyesa mitundu yoposa 1,400 asanapeze azoxystrobin. Anayamba kugulitsidwa mu 1996, patatha zaka 19 chilengezere zija, ndipo posakhalitsa anakhala amodzi mwa mankhwala a matenda a mbewu ogulidwa kwambiri padziko lonse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Zimene zili m'botolo la azakhali zinapangidwa m'fakitale, koma pulani yake inajambulidwa kwa chirombo cha pa chipatso cha paini.

Wa chipere uja nayenso

Ngati munadwalapo chipere cha m'mutu muli ku pulayimale, n'kutheka kuti kuchipatala anakupatsani mapiritsi otchedwa griseofulvin. Amenewonso ndi a m'banja lomweli, ndipo asanafike kuchipatala anadzera kumunda.

Anapezeka koyamba mu 1939 ku London, mu nkhungu ya mtundu wa Penicillium, mbale wake wa ija Alexander Fleming anapezamo penisilini mu 1928. Poyamba palibe anawalabadira. Kenako mu 1946 wasayansi wina, P. W. Brian, ndi anzake ankafufuza dothi la ku Wareham Heath kumwera kwa England, kumene mitengo ya paini yodzalidwa inkakula monyentchera. M'dothimo anapeza nkhungu yotulutsa mankhwala amene ankapinda ulusi wa nkhungu zina, n'kumakula mopotoka ngati tsitsi lopiringizika. Atafufuza bwino anapeza kuti ndi griseofulvin yemwe uja. Anamuyesa pa letesi ndi pa tomato, ndipo anaona kuti mbewu imamuyamwa kudzera m'mizu n'kutetezeka ku matenda ena. Mu 1958, J. C. Gentles wa ku Glasgow anaonetsa kuti amachiza chipere pa mbira, ndipo kuchokera pamenepo anasanduka mankhwala a anthu.

Palinso nkhungu yobiriwira yotchedwa Trichoderma, imene imapezeka m'dothi ndi pa zikuni zowola pafupifupi kulikonse. Mu 1932, Richard Weindling ku California anaona kuti imakulunga ulusi wa nkhungu yopha mbande za malalanje n'kuudya. Mitundu ina ya Trichoderma imatulutsanso mankhwala onunkhira ngati kokonati amene amafooketsa adani ake. Iyi alimi saidikira kuti isandutsidwe mankhwala a m'fakitale. Imagulitsidwa yamoyo, ngati ufa wosakaniza ndi mbewu kapena wothira pa nazale, ndipo ku Kenya ndi ku South Africa kuli makampani amene amaipanga.

Matenda nawo amaphunzira

Apa ndi pamene ndinaimbira azakhali mwachangu, chifukwa anali atanena kale kuti mankhwalawa ndi abwino, azipopera omwewa mpaka kukolola.

Strobilurin amatseka pamalo amodzi okha. Nkhungu ya nthenda ikangosintha pang'ono pamalopo, mankhwala amasanduka madzi. Pa timbewu mamiliyoni timene tili m'munda, kamodzi kakhoza kubadwa kosinthika choncho. Mukapopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata, mumapha tonse n'kusiya kokhako, ndipo ana ake ndi amene amadzaza munda.

Sizinachedwe kuchitika. Mankhwalawa anafika pa msika mu 1996, koma pofika 1998 kumpoto kwa Germany nthenda ina ya tirigu inali itasiya kale kuwamva. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alimi a kachewere ku America anayamba kuona kuti nthenda ya madontho a pa masamba sikugonjanso ngati kale. Ku Brazil, nthenda yoopsa ya tirigu yotchedwa wheat blast, imene inaoneka koyamba mu 1985, m'madera ambiri inasiya kumva mankhwala a gulu limeneli. Nthenda yomweyo inafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'nyengo ya 2017 mpaka 2018 inapezeka ku Mpika m'dziko la Zambia. Pamenepo si patali ndi ife.

Kwa mlimi, phunziro lake n'losavuta. Pa malebulo ambiri pamakhala nambala ya gulu la mankhwala, ndipo a strobilurin onse ali mu gulu 11. Kusintha dzina la pa botolo koma gulu lili lomwelo si kusintha ayi. Muyenera kusinthanitsa ndi mankhwala a gulu lina, kutsatira mlingo wolembedwa osati kuchepetsa pofuna kuti botolo likhalitse, ndiponso kugula okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board.

Kwa dziko, phunziro lake n'lalikulu. Mankhwala aliwonse ali ndi tsiku lake lotha mphamvu. Ena amachotsedwa pa msika pa zifukwa za umoyo wa anthu: mancozeb, amene alimi athu amamudziwa ndi dzina loti Dithane, mayiko a European Union anagamula mu 2020 kuti asiye kumugwiritsa ntchito. Ndiye kusaka zida zatsopano sikutha, ndipo malo amodzi amene asayansi amabwererako ndi pansi pa masamba owola paja.

Amasaka bwanji?

Chinandidabwitsa n'chakuti gawo loyamba la ntchitoyi si la mayiko olemera okha. Wofufuza amatola masamba owola, kuwatsuka, kuwadula tizidutswa n'kuika m'timbale tagalasi tokhala ndi chakudya cha nkhungu. Chakudyacho nthawi zambiri chimapangidwa ndi msuzi wa mbatata ya kachewere, shuga ndi ufa wolimbitsa wotchedwa agar. Pakapita masiku, ulusi wa mitundu yosiyanasiyana umatuluka, ndipo amaupatula mtundu uliwonse m'kambale kake.

Kenako amakonza ndewu. Mbali imodzi ya kambale amaika nkhungu ya m'nkhalango, mbali inayo nkhungu ya nthenda. Zonse zimakula kulowera pakati. Nthawi zina ya nthenda imaima patali, n'kusiya kampata koyera pakati pa ziwirizo. Kampata kameneko ndi umboni woti pali mankhwala amene akutuluka.

Kuchokera apo ntchito imayamba kudula. Pamafunika kupatula mankhwalawo, kudziwa kapangidwe kake ndi makina okwera mtengo, kuyesa ngati sawononga mbewu, njuchi, nsomba ndi munthu, kenako kuyesa m'munda kwa nyengo zingapo. Ambiri amagwera m'njira. Ena amapezeka kuti ndi odziwika kale, ena ndi aululu kwambiri, ena dzuwa limawapha ngati strobilurin woyamba uja. Choncho mukaona nkhani pa Facebook yoti apeza bowa wothetsa matenda onse a mbewu, dzifunseni kaye: zachitika m'kambale kapena m'munda?

Komabe posaka m'pambiri. Lipoti la Royal Botanic Gardens ku Kew la mu 2023 linati padziko pali mitundu ya fangayi pafupifupi 2.5 miliyoni, koma imene inapatsidwa mayina ndi pafupifupi 155,000 yokha. Yoposa magawo 90 pa 100 palibe anailemba m'buku.

Kuno kwathu zinayambikapo kale

Mwina mukuti izi n'za azungu ndi nkhalango zawo. Koma imodzi mwa njira zakale zogwiritsa ntchito nkhondo ya nkhungu pa ulimi inapezeka konkuno.

M'zaka za m'ma 1930, dziko lino likutchedwa Nyasaland, minda ya tiyi inkavutika ndi nthenda yowoletsa mizu yotchedwa Armillaria. Nkhungu imeneyi imakhala m'mizu ya mitengo ya m'nkhalango. Akagwetsa mitengo kuti adzale tiyi, inkadya zitsa ndi mizu yotsala n'kupeza mphamvu zolowera mu tiyi. Katswiri wa matenda a mbewu, R. Leach, anapeza kuti mukasenda khungwa kuzungulira thunthu n'kuusiya mtengo kwa nthawi musanaugwetse, chakudya chochokera m'masamba sichifikanso kumizu. Mizu imatha chakudya chosungidwa, ndipo nkhungu zina zowoletsa, zosavulaza tiyi, zimalowamo msanga. Armillaria imapeza malo atatengedwa kale. Njira imeneyi inafalikira kumayiko ena olima tiyi, ndipo mabuku a matenda a mitengo amaitchulabe mpaka lero.

Nkhani ya Armillaria ikutiphunzitsanso china: si chilichonse cha m'nkhalango chimene chili bwenzi la mlimi.

Zimene tikuwotcha

Nkhalango zathu zambiri ndi za miombo: tsamba, mombo, mtondo, msuku. M'chilimwe mitengo imeneyi imayoyola masamba, ndipo mvula ikabwera masambawo amasanduka chakudya cha ulusi woyera uja. Tilinso ndi paini wodzalidwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa, kumene munda wa Viphya unafika mahekitala pafupifupi 53,000. Tili ndi nkhalango za chinyezi ku Mulanje, ku Ntchisi ndi ku Misuku. Malo aliwonse ali ndi masamba ake, ndipo masamba osiyana amadyedwa ndi nkhungu zosiyana.

Tsono yendani pa msewu wa M1 mu September kapena October muone. Mapiri ali utsi okhaokha, usiku mizere ya moto ikukwera ngati magetsi a m'tauni. Wina akusaka mbewa, wina akusosa, wina wangotaya chotsalira cha fodya. Tikamadandaula za moto wolusa timawerenga mitengo. Masamba a pansi sitiwawerenga n'komwe, timati ndi zinyalala.

Ku Ndola m'dziko la Zambia kunachitika kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi. Kuyambira mu 1933, anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo: china ankawotcha chilimwe chikungoyamba udzu usanaumitsitse, china ankawotcha mochedwa kutatentha, china sankawotcha n'komwe. Colin Trapnell atalemba zotsatira mu 1959, zinaonetsa kuti kumene ankawotcha mochedwa chaka ndi chaka mitengo ya miombo inatha pafupifupi yonse, pamene kowotcha msanga nkhalango inapirira. Moto wa October uja ndi umene umapsereza zonse mpaka dothi kutsala lambee. Onjezani makala. Mtengo ukapita, masamba ogwa palibenso, ndipo ndelema ndi manyame, amene moyo wawo umadalira mizu ya mitengo yamoyo, amapita nawo limodzi.

Kumudzi kwathu, malo okhawo amene masamba amawola mwamtendere ndi kumanda, chifukwa kumeneko palibe amene angayerekeze kuyatsa moto kapena kulowa ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu.

Ndiye taonani mmene zinthu zilili. Mankhwala a mbewu timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mabotolo aja inakwera nayo, ndipo amene anamva kuwawa ndi anthu ngati azakhali. Chikhalirecho, malo a mtundu womwewo umene anzathu anatolapo nzeru ya mankhwalawo, ife timawayatsa chaka chilichonse chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi poto yemwe.

Sindikunena kuti m'Dzalanyama muli azoxystrobin wachiwiri amene akungodikira. Palibe angalonjeze zimenezo. Ndikunena kuti munthu sawotcha thumba asanayang'ane zimene zili m'kati.

Musathamangire kunkhalango ndi thumba

Ndikudziwa mmene magulu athu a pa WhatsApp amayendera. Mawa wina alemba kuti tengani masamba owola a m'phiri, viikani m'madzi masiku atatu, poperani, chiwawu chatha. Chonde ayi.

Masamba owola ndi manyowa abwino, koma si mankhwala a chiwawu. Simungadziwe ndi maso kuti mwatola nkhungu yanji. Mukhoza kubweretsa nthenda ya mizu m'munda mwanu. Ndiponso poizoni wa nkhungu sasankha. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Zachilengedwe sizitanthauza kuti zosapha. Komanso tonse tikayamba kukokola masamba m'nkhalango, tikhala tikuchita zomwezo zimene moto umachita.

Zimene mlimi angachite lero n'zodziwika kale kwa alangizi: kumangirira tomato ku timitengo kuti mphepo izidutsa, kuthothola masamba a m'munsi ndi odwala n'kuwakwirira kutali, kuthirira patsinde osati pa masamba, kuphimbira nthaka kuti madontho a mvula asadumphitsire dothi pa masamba, ndiponso kusadzala tomato pamene pangochoka kachewere, chifukwa nthenda yawo ndi imodzi.

Ntchito ya ndani?

Tili ndi malo ofufuza za ulimi ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Lunyangwa. Tili ndi Forestry Research Institute of Malawi komanso National Herbarium ku Zomba. Tili ndi ophunzira ku Bunda, ku MUST, ku Mzuni ndi ku Chancellor amene chaka chilichonse amasowa mutu wa kafukufuku womalizira digiri. Kambale, kachewere, shuga ndi masamba a m'phiri la Zomba si zinthu zofuna ndege. Chimene chimafunika ndi ndalama yochepa koma yosadukiza, firiji yosazima yosungira mitundu imene yapezeka, ndi kaundula mmodzi woti wobwera m'mbuyo asayambirenso pa ziro. Mwina sitingafike popanga mankhwala atsopano a m'fakitale tokha, koma kupeza Trichoderma wa m'dothi lathu, wozolowera kutentha kwathu, n'kumuchulukitsa konkuno, zimenezo anansi athu akuchita kale.

Palinso nkhani ya umwini. Pangano la Nagoya, limene linakhazikitsidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limati wotenga zamoyo za dziko lina kukafufuza ayenera kupempha chilolezo ndi kugawana phindu ndi eni ake. Malawi anavomereza panganoli. Koma n'kovuta kuitanitsa gawo lako pa chinthu chimene iwe mwini sunachilembe paliponse.

Apa ndi pamene foni yanuyo ingagwire ntchito ina kupatula TikTok. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa iNaturalist. Mukaona bowa kapena nkhungu pa chikuni, mumajambula pamwamba, pansi pa chipewa ndi pamene yamera, n'kutumiza. Pulogalamuyo imasunga malo ndi tsiku, ndipo anthu odziwa amathandiza kuzindikira mtundu wake. Musagwiritse ntchito pofuna kudziwa ngati bowa ndi wodyedwa, zimenezo siyirani agogo. Koma chithunzi chilichonse ndi umboni woti chamoyo chakuti chinalipo pamalo akuti.

Azakhali anapulumutsa pafupifupi theka la munda. Fizi ya teremu imodzi inapezeka, ya teremu inayo tinachita kusonkherana.

Mu December ndinapita kumudzi mvula yoyamba itagwa. Ndinawaonetsa chithunzi cha kabowa ka ku Germany kaja pa foni. Anachikulitsa ndi zala, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Kameneka? Ndalama zonse zija? Totere tadzaza kuseri kwa khola uko."

Tinapita limodzi kukaona. Pansi pa msuku umodzi umene unatsala m'malire mwa munda, ndinatembenuza masamba ndi kamtengo. Ulusi woyera unali ponseponse, ndipo pa kanthambi kowola panali tibowa titatu tofiirira, tating'ono ngati mitu ya misomali. Ndinagwada n'kujambula, mawondo a thalauza n'kudetsedwa.

Msuweni wanga, mwini fizi uja, anaima chapatali akutiyang'ana. Iyeyo ndi katswiri wa mbewa pamudzi ponse, ndipo chaka chilichonse lupsa la kuseri kwa mundawo limayambira m'thumba mwake. Azakhali anamukodola.

"Iwe, bwera kuno. Chaka chino machesi ako asafike pamtengo uwu. Wamva?"

Anafunsa chifukwa chake. Azakhali anandiloza ndi chibwano kuti ndifotokoze ndine, iwo n'kubwerera kukapalira.